Galimoto Inapita ku Ntchisi Wodwala Atatsala

Amayi, kaya zikuyenda bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Chezi tilipo, kupatula abambo amene atizunguza mitu mwezi wathawu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Maliya anachira, mwana wamkazi, mphuno yanu yomwe ija, moti tonse tinangomumvera chisoni mwanayo. Chimanga chinachita bwino, koma nyemba zinadyedwa ndi mbuzi za a Chikadza. Nditakadandaula anandiyankha kuti ino ndi nthawi ya matipate, mbuzi nazo zili ndi ufulu.

Chikuikireni m'manda, azakhali a Nankhoma a ku Ntchisi sakutipumitsa. Akuti mkamwini, mkazi wake akamwalira, amabwerera kwawo, ndiye akufuna mlongo wawo. Abambo mukuwadziwa, ankangoti tiona tikakolola. Tinakolola, tinadzalanso, iwo ali phee pakhonde.

Ndiye m'mawa wina akusankha fodya m'chigafa, tinangoona masamba agwa m'manja, kukamwa kwapotokera mbali imodzi, mawu osamveka. Achimwene Yohane anayamba awanunkhiza kaye, kuyesa ndi kachasu. Che Jafali a golosale aja anatulutsa galimoto yawo nthawi yomweyo nati tithamangire kuchipatala. Koma achimwene anakanitsitsa. Anati munthu wa eni ake sungapite naye kuchipatala abale ake asanamve, nanga akatsirizikira panjira tidzayankha chiyani? Choncho galimoto inanyamuka, Amayi, liwiro lake loopsa, kulowera ku Ntchisi kukatenga azakhali. Wodwala anatsala pamphasa, ine ndikumuingitsira ntchentche.

Paja munkanena kuti mlamu wanu ameneyu, nyumba ikupsa, amayamba wafunsa ngati ana adzuka bwino. Simunanamepo. Che Jafali anawapeza kumunda. Azakhaliwo anasamba, anasita duku, kenako anayamba kuthamangitsa nkhuku yoti odwala akamwere msuzi. Atafika kuno anakhala pansi n'kuyamba malonje, kufotokoza za fumbi la pamsewu, mlongo wawo ali gone pambali pawo.

Kuchipatala ku Lilongwe tinafika dzuwa litapendeka. Adokotala, mayi wamtali amene akuti anaphunzira kunja, anatiuza kuti ndi sitiroko. Magazi amaundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo, ndiye mbali imodzi ya thupi imafa. Anati kunjako kwabwera jakisoni wosungunula magazi oundanawo, moti ena amadzuka dzanja likugwiranso ntchito. Koma amafuna munthu afike m'maola oyambirira, ndipo ayambe amuunika m'mutu ndi makina, chifukwa ngati mtsempha wachita kuphulika, jakisoniyo amangowonjezera kukha kwa magazi.

Nditangomva zoti maola oyambirira, mutu wanga unatentha. Mukudziwa kuti pakamwa ndinatengera inu. Ndinawayalira azakhali zonse, za duku, za nkhuku, za malonje, wodi yonse ili tcheru, mpaka wodwala wa pabedi loyandikana anadzuka n'kukhala tsonga kuti amve bwino. Adokotala anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anati, mofatsa, jakisoniyo pachipatalapo sanafike, ngakhale makina ake palibe. Amayi, ndinasowa koyang'ana. Anawonjezera kuti kuchedwa kunali kulakwa ndithu, chifukwa magazi a abambo ankathamanga koopsa ndipo tikanawataya panjira. Koma zimenezo azakhali sanazimve, anali otanganidwa kukonza duku lawo.

Tinabwerera kumudzi ndi mapilitsi komanso malangizo. Tsiku lililonse ndimawaongola mkono, kuwafinyitsa chitsononkho ndi kuwayendetsa mpaka pamtengo wa mango. Mwendo ukukokeka koma ukuyenda. Mawu okha ndiwo anakana, ankangoti ee ndi mm, ndipo achimwene anati aka n'koyamba kuti abambo avomere zilizonse.

Azakhali sanachoke. Anati matendawa ndi umboni wakuti ana sitikusamala munthu, ndiye anapinda zovala za abambo, kuika m'thumba, n'kuitanitsanso galimoto ya Che Jafali. Apa sindinaseke, Amayi. Ndinalira kuseri kwa nkhokwe. Ndataya inu, ndiye nditayenso awa ali moyo? Koma mwambo unali kumbali yawo, ndipo ine pakamwa panga ndinali nditapagwiritsa kale ntchito kuchipatala kuja.

Titawadzutsa kuti akakwere, abambo anakola mzati wa khonde ndi dzanja labwino lija. Achimwene anakoka, mzati unagwedezeka, iwo osasiya. Analimbana ndi lilime lawo kwa kanthawi, malovu akutsika, mpaka mawu anatuluka: "Ndili kwa mkazi wanga." Azakhali anati, "Akazi anuwo ali kumanda, achimwene." Abambo analoza ndi chibwano kumsitu kuja mwagonako nati, "Ndi pafupi."

Thumba lija anamasula okha azakhali, uku akulira, uku akutinena kuti ndife ana opanda mwambo. Galimoto inapita ku Ntchisi ndi iwo okha.

Ndikukulonjezani kuti zikadzachitikanso, ndidzayamba kuchipatala, a ku Ntchisi adzamva pambuyo. Inunso chonde musawaitane msanga amuna anuwa. Munakhala nawo mokwanira, tisiyireni ifenso pang'ono.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,
Estere