Dzanja Lozolowera Ng'ombe

Zemba,
Chadiza.
3 Disembala.

Okondedwa atsibweni a Zakeyu,

Ndayamba ndi kukugwadirani ngakhale simukundiona. Muli bwanji kumeneko ku Kitwe? Kaya chifuwa chija chinakusiyani? Nanga mayi akunyumba, a Consolata, ndi asuweni anga akudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo, kupatula atate amene miyendo idakali yotupa. Ku kiliniki anawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti asamaime nthawi yaitali. Alamu anuwo mukuwadziwa, mawu a nesi amawamvera nesiyo akakhala pomwepo basi. Amayi, mlongo wanu, ali bwino, kungoti aonda. Mvula yayamba bwino ndipo anthu ali kalikiliki m'minda.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ndili nayo. Netiweki kuno imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha, ndipo pachulupo sipasowa munthu wodikira kuti nayenso aimbe, makutu ali tcheru. Zimene ndikufuna kukuuzani si zoyankhulira pa chulu.

Ndinabwera kumayambiriro kwa Novembala nditamva za matenda a atate, ndipo aliyense kuno akudziwa kuti ndili pa tchuthi. Lamulungu loyamba akulu a mpingo anandiimiritsa kutsogolo n'kulengeza kuti Mulungu wapatsa Zemba woyendetsa ndege. Amayi a chigwirizano analulutira mpaka makutu anga kuwawa. Amayi anga analira. Ine ndinangoti chilili ndikumwetulira.

Atsibweni, sindili pa tchuthi. Ndinathawa.

Ndikuuza inu chifukwa ndinu munandithamangira mapepala kuti ndilowe sukulu ya ndege, pamene ena onse ankati mwana wamkazi wa ku Zemba akalowe unamwino. Mundilole ndifotokoze kuyambira pachiyambi.

Ndege ya injini imodzi ndinaimaliza bwino, paja ndinakutumizirani chithunzi. Mu Ogasiti tinayamba ya injini ziwiri. Ndi yaing'ono, ya mipando inayi, injini imodzi pa phiko lililonse. Asanakulole kuigwira umayenera kuidziwa m'mimba mwake monse, ndipo ine ndinaidziwa. Ndikhoza kukujambulirani ndi chala pa dothi mmene mafuta amayendera kuchoka m'thanki ya phiko lililonse, ndi mmene ungawaolotsere kuti thanki ya kumanzere imwetse injini ya kumanja. Ndikudziwa chochita magetsi akathima. Ndikudziwa kachitsulo kokoka matayala akakana kutuluka kuti agwe okha ndi kulemera kwawo, ndi timagetsi titatu tobiriwira timene timakuuza kuti akhazikika. Mayeso olemba ndinaposa anyamata onse asanu ndi awiri a m'kalasi mwathu, ndipo kunyada kwanga sindinakubise. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Chachikulu pa ndege yotere ndi tsiku limene injini imodzi yafa muli m'mlengalenga. Yamoyo imapitiriza kukoka mbali yake, ndiye mphuno ya ndege imakhotera kumene kuli yakufayo. Umaponda chopondera cha mbali yamoyo kuti iwongoke, ndipo phazi limene latsala lopanda ntchito ndilo likukuuza injini imene yafa. Kutsogolo, pakati pa mipando, pali zogwirira zisanu ndi chimodzi: ziwiri zakuda za mphamvu, ziwiri zabuluu za mapulopela, ziwiri zofiira za mafuta. Umabweza chakuda cha injini yakufayo kuti utsimikize, kenaka chabuluu chake, kuti masamba a pulopela atembenuke azidula mphepo cham'mbali m'malo moitchinga. Yamoyo umaipatsa mphamvu zonse, suibweza. Imeneyo ndiyo yokufikitsani pansi muli amoyo.

Aphunzitsi anga ndi mayi wina wosalankhulalankhula, a Theresa. Tsiku lina m'mawa tili pamwamba penipeni anatseka mafuta a injini ya kumanzere osandiuza, monga amachitira poyesa munthu. Ndege inakhotera kumanzere. Phazi langa linaponda bwino. Pakamwa panga pananena bwino kuti yafa ndi yamanzere. Koma dzanja langa lamanja linapita pa chogwirira cha injini ya kumanja, yamoyo ija, n'kuchikokera m'mbuyo.

Kunangoti zii. Ndege inayamba kutsika, a Theresa anandichotsa dzanja n'kundiuza kuti ndiwasiyire. Titatera sanandikalipire. Anati zimachitika, ndikapume.

Patatha masiku anayi ndinachitanso chimodzimodzi.

Ulendo uwu anandikhazika pamthunzi wa phiko n'kundifunsa ngati ndinayendetsapo chinthu china ndisanabwere, kaya thirakitala kaya boti, chifukwa dzanja langa likuchita ngati lili ndi mphunzitsi wina. Ndinati ayi. Ndinanama. Ndinali nditazindikira kale, koma ndinachita manyazi kutchula ng'ombe pabwalo la ndege.

Mukudziwa kuti atate sanabereke mwana wamwamuna. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi anandikweza pa ngolo n'kundigwiritsa zingwe. Ng'ombe zawo zonse amazimanga chimodzimodzi, yamphamvu kumanja, yofookerapo kumanzere. Yamanzere ikatopa, ngolo imakhotera kwa iyo. Anthu ena amaikwapula. Atate sakwapula ng'ombe yotopa. Ankandigwira dzanja ili lamanja, lawo pamwamba pa langa, n'kumati: "Ina ikafooka, gwira yamphamvuyo ibwerere m'mbuyo. Ukaisiya, goli lithyola khosi la inzake."

Ndachita zimenezo zaka khumi ndi zitatu. Pa ngolo ndi nzeru, m'ndege ndi imfa. Chinthu chikangokhotera kumanzere, dzanja limapita lokha mutu usanaganize.

Akusukulu anati ndikhale kaye pansi. Ndibwerere pasanafike pa 16 Disembala, ndikauluke kawiri ndi a Theresa, kenaka andiyese komaliza. Ndikapanda kufika malo anga apatsa wina, odikira alipo ambiri.

Sabata yomweyo amayi anaimba foni kuti atate sakutha kuyenda. Apa ndiye pali tchimo langa, ndipo ndilinena mosabisa. Ndinasangalala. Atate anga akudwala, ine mumtima ndinati ndapeza pothawira. Ndinalongedza tsiku lomwelo, ndipo m'basi yonse mpaka ku Chipata ndinkadzinamiza kuti ndine mwana wachifundo.

Pothawira paja pandigwira mwendo.

Sitima wa kumanja ndi Phulusa wa kumanzere, ng'ombe zathu za pagoli, sizimvera munthu wina koma atate ndi ine. Mng'ono wanga Comfort ali ku Zingalume ndi khanda la miyezi iwiri. Ndiye m'mawa uliwonse amayi amagwira pulawo, ine zingwe, atate timawanyamula pa ngolo n'kuwakhazika pansi pa msuku kuti aziona. Munda wa kumtunda tamaliza. Watsala wa chimanga wa kudambo ndi wa nsawa, ndipo mmene Phulusa akukokera chaka chino sitimaliza Khirisimasi isanakwane. Dzuwa lililonse ndikuphunzitsa dzanja langa chinthu chomwe ndiyenera kuchiiwala.

Musaganize kuti ndangokhala. Masana tikaweruka ndimayeserera pakhonde. Ndinadzaza mchenga m'beseni lakale n'kuzikamo zitsononkho zisanu ndi chimodzi, ziwiri ndinazipaka makala, ziwiri buluu wochapira, ziwiri katondo. Njerwa ziwiri ndizo zopondera. Atate amagwira buku la ndege, magalasi ali pamphuno. Chizungu chake chimawavuta koma zojambula amazitsata bwino, ndipo akuti ndegeyi ili ndi mapaipi ambiri kuposa matumbo a mbuzi. Amandifunsa mafuta akuchokera kuti, akupita kuti, nanga pampu iyi ikafa. Kenaka amakuwa mwadzidzidzi kuti yamanzere yafa, ine n'kumaponda njerwa, n'kumakoka zitsononkho. Sindinaphonyepo ngakhale kamodzi. Iwo amaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana amayi kuti adzaone.

Koma pakhonde atate amandiuza imene yafa, ndipo khonde silikhota. M'mwamba palibe wokuuza. Chimangokhota, thupi n'kuyankha.

Lachiwiri lapitali tili kudambo, Phulusa anaponda pofewa n'kugwada miyendo yakutsogolo. Goli linapendekera kumanzere. Sindinaganize chilichonse. Ndinangoona Sitima ataima kale, chingwe chake chitakungika, chitakulungika m'dzanja langa. Phulusa anadzuka wosavulala.

Atate pansi pa msuku paja anaomba m'manja. Anati: "Mwaona, amake Chipiliro? Ndege sinamuwononge mwanayu. Dzanja lake likadali langa."

Ndinatembenukira kwa ng'ombe kuti asandione nkhope. Amayi atafunsa ndinati thukuta landilowa m'maso. Ndinalima mizere ina inayi ndikulira, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalira chifukwa chowakonda kapena chowakwiyira. Zonse ziwiri zinalipo.

Madzulo ake ndinayesa kuuza amayi tikusenda nsawa za mbewu. Ndinangoti pali nkhani ya kusukulu, iwo n'kundidula kuti Mulungu ndi wodabwitsa, wakonza tchuthi changa kuti chigwe nthawi ya mvula yeniyeni, kupanda ine chaka chino akanagona ndi njala. Ndinapitiriza kusenda. Ndikachoka pano minda iwiri igona, ndikakhala ndege yandithawa. Ndazungulira nazo mutu mpaka watopa, ndipo khomo lotulukira ndaliona limodzi lokha, ndi inu.

Atsibweni aang'ono a Ezara ku Pembamoyo ali ndi ng'ombe zinayi ndipo kwawo anamaliza kulima. Masiku atatu okha angatimalizire. Koma chichokereni mkangano uja wa malire a dimba, atate akuti iwo ndi mkamwini pano, ndipo mkamwini wopempha alamu ake kuti amulimire ndiye kuti wavomera kuti walephera kudyetsa mbumba ya eni. Amayi akuopa kuwapitirira amuna awo. A Ezara nawo akudikira kupemphedwa. Onsewo ndi akulu, ine sindingawalamule. Inu ndinu mwini mbumba. Mukanena kuti mindayi ndi ya mlongo wanu ndipo mwatuma mng'ono wanu kuti ailime, palibe wapempha, palibe wachita manyazi.

Ndikukupemphani mubwere, ngakhale masiku awiri. Kuti ndikafike bwino ndiyenera kunyamuka kuno pa 13. Ndikufunanso masiku ochepa ndisanagwire chingwe chilichonse, dzanjali lipumeko.

Sindikukulonjezani kuti ndikakhoza. Koma a Theresa ndikawauza zoona za ng'ombe, mwina akadziwa pondigwira. Ndikalephera ndilephere ndili m'mwamba, osati ndili kudambo ndikunamizira tchuthi.

Chachiwiri n'chovuta. Mudzawauze makolo anga kuti sindine woyendetsa ndege ya injini ziwiri, kuti ndinalephera kawiri ndipo kwatsala kamodzi. Pakamwa panga pakana. Ine ndidzakhala pomwepo nditagwada, koma mawuwo atuluke mwa inu.

Atate adzafunsa chifukwa, mukuwadziwa safuna nkhani yoduka mutu. Mudzawauze kuti ndinagwidwa ndi mantha. Mudzawauze kuti ndinatayirira, ndinanyada, chilichonse chimene mungapeze. Adzakwiya, mwina adzakhala sabata osandilankhula, ndipo zimenezo ndisenza. Za dzanjali musadzawauze. Munthuyu sanapite patali ndi sukulu, alibe munda wakewake pamudzi pano. Chimene anali nacho chondipatsa ndi chomwechi, ndipo anandipatsa chonse.

Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba, ndi kwa asuweni anga Jason ndi Peace. Amayi akuti moni wambiri, iwo akuganiza kuti ndikukulemberani za mvula. Mukalandira kalatayi mungotumiza uthenga wa mawu amodzi pafoni, ndizikwera pachulu masana aliwonse kukaona.

Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu ndi ulendo wabwino.

Ine mbumba yanu,
Chipiliro