Mpata wa Fainess

Mwana wanga Ireen,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Lilongweko. Kuno ku Golomoti tilipo, kungoti kutentha kwatifoola. Mpunga wa ku Bwanje chaka chino ndausiyira ena, miyendo yakana.

Tawonga anafika Loweruka. Zikomo pomusunga mwana wamasiyeyu. Ndinamudulira nzimbe koma anakana, akuti adokotala analetsa chifukwa cha mawaya amene mwamuikitsa m'mano. Anandifotokozera bwinobwino kuti awa ndi atsopano. Tizitsulo take n'tating'ono, tili ndi kachitseko kogwira waya, siticheka milomo ngati takale tija, ndiponso kuchipatala azipita pakatha miyezi iwiri, osati mwezi ndi mwezi. Ndinavomera kuti ndi nzeru ndithu.

Koma ataseka, ndinaona kuti mpata wa mano akutsogolo uja wayamba kutsekeka. Iwe ukudziwa kuti mpata umenewo anatengera mayi ake, malemu Fainess mwana wanga. Chithunzi cha Fainess ndilibe, chiswe chinadya. Ndikamusowa, ndinkangomuseketsa Tawongayo, basi ndamuona.

Sikuti ndikudandaula ayi, inu a m'tauni mumadziwa zambiri. Za maso angawa, amene ayamba kuchita mdima, kuchipatala ku Mua anandiuza mawu ena, koma tidzakamba ukadzabwera.

Ndimati undifunsireko kwa adokotala a manowo: kodi sangasiyeko kampata pang'ono, pongokwana njere imodzi ya mpunga? Ngati n'zosatheka, umutumizenso mwanayo kuno mvula isanagwe. Usadikire Khirisimasi.

Upereke moni kwa abambo akunyumbako.

Ndine malume ako,
Misheck