Maswiti Amene Ndinatumizira Tikondwe

Pretoria
9 Febuluwale

Okondedwa achemwali a Rakele,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Mateyu ndi ana. Mwendo wa amayi uli bwanji ndi mvulayi? Nanga mwana wanga Tikondwe wayamba kudya bwino? Ine kuno m'thupi ndili bwino. Ntchito ndi yomwe ija yolongedza makatoni. Mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anasamukira ku Durban, ndiye masiku ena pamatha tsiku lathunthu osayankhula ndi munthu m'chiyankhulo chathu.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni ndalephera kawiri konse. Mukangoyamba kufotokoza za fodya ndi fetereza, ine mawu amandithawa.

Munandiuza kuti a Festus, amalume ake a Tikondwe, anabwera kwanuko ku Nachisaka atakwiya. Akuti chimwalirireni mayi ake, mwanayu anamusiya m'manja mwanu pokukhulupirirani, koma tsopano watsegula m'mimba katatu m'miyezi inayi, ndiye pakutha pa mwezi uno adzamutenga azikakhala kwawo ku Dzoole. Akuti anafika mpaka povundukula ndowa yanu ya madzi akumwa. Munandiuza moseka, koma ndinamva kuti zinakupwetekani. Ine ndikudziwa kuti mumaphitsa madzi ngakhale a pamjigo.

Achemwali, wolakwa ndine.

Mukukumbuka maswiti a m'mapaketi obiriwira amene ndakhala ndikutumiza kudzera kwa a Felton a lole aja? Ndinawasankha dala chifukwa analembapo kuti mulibe shuga. Ndinkaganiza za mano a mwana. Ndipo ndine ndinakuuzani kuti amenewa musamuwerengere, akafunsa za ine muzingomupatsa odzaza dzanja. Munatero, poti wanena ndi munthu wa ku yunivesite.

Lamulungu lina mwezi watha ndinalibe kopita. Ndinali nditagula paketi ina yoti nditumize, ndiye ndinaitsegula kuti ndilaweko chimene mwana wanga amalawa. Ndinakhala pawindo n'kumaonera matakisi, kutola limodzilimodzi, mpaka paketi inafika pakati. Pasanathe maola atatu m'mimba munayamba kulira, kenaka kupota. Madzulo onsewo ndinathera kuchimbudzi. Ine munthu wamkulu. Nanga mwana wa zaka zinayi?

M'mawa mwake ndinatembenuza paketi ija. Kumbuyo, m'tizilembo ting'onoting'ono, analembamo kuti ukadya ambiri amatsegula m'mimba. Mayi wina wogulitsa mankhwala pafupi ndi kuntchito anandifotokozera kuti m'malo mwa shuga amaikamo zotsekemera zina, monga sorbitol, zimene thupi silitha kugaya zonse. Zotsalazo zimakokera madzi m'matumbo n'kudzaza mpweya. Anati kwa mwana wamng'ono ngakhale maswiti owerengeka amakwana, ndipo akasiya kudya zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Anandifunsa ngati sindinawerenge ndisanagule.

Nditabwerera kunyumba ndinayang'ana mauthenga athu akale pa foni. Katundu woyamba anafika mu Okutobala, patapita masiku awiri munandilembera kuti mwana wadwala. Wachiwiri anafika pa Khirisimasi, chimodzimodzi. Wachitatu mu Januwale, ulendo umene munamubereka kumsana mpaka kuchipatala mvula ikugwa. Sindine dokotala, ndipo mwina pali china chimene sindikuchiona. Mukadzaona magazi, kutentha thupi kapena kusanza, musadikire, thamangirani kuchipatala monga kale. Koma katatu konse matenda anabwera ndi katundu wanga.

Papita masabata awiri ndikudziwa zimenezi osanena. Ndinkadziuza kuti ndikufuna kutsimikiza kaye. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa a Festus. Kuyambira kale amanena kuti bambo wa m'makatoni si bambo. Mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi iwowo. Chimene ndinkanyadira n'chakuti ngakhale ndili kutali, Tikondwe amadziwa kuti pali ababa ake amene amamukumbukira. Tsopano ndikawauze kuti chomukumbukiracho ndi chimene chimamudwalitsa. Pamene ine ndinkazengereza, inu ndi amene mumanyozedwa pamaso pa anthu. Mundikhululukire.

Pempho langa ndi limodzi. Maswiti otsalawo musamupatsenso, komanso musawataye. Tengani paketi imodzi pamodzi ndi kalatayi, mupite ndi alamu ku Dzoole mwezi usanathe. A Festus amawerenga Chingerezi, aoneni okha tizilembo takumbuyo. Kalatayi muwawerengere yonse, musadumphe ndime ya mantha anga ija pofuna kundibisira manyazi. Ndikukudziwani.

Akamva n'kunena kuti mwana akhalebe kwa inu, ndidzathokoza Mulungu. Akanena kuti amutengabe, sindidzalimbana nawo, ndi mwana wa mlongo wawo. Koma azimutenga akudziwa kuti m'nyumba mwanu simunali vuto. Ndingopempha kuti kumeneko azimupatsa foni Lamulungu, ngakhale mphindi zochepa.

Tikondwe akafunsa maswiti, musamunamize kuti a Felton anaiwala. Mumuuze kuti ababa anagula olakwika, ndipo apepesa. Sindikudziwa ngati mwana wa msinkhu wake angamvetse. Sindikudziwanso kuti ulendo wina nditumize chiyani. Dzulo ndinazungulira m'sitolo nthawi yaitali, kutenga chinthu n'kubwezera, mpaka mlonda anayamba kunditsata. Ndinatuluka chimanjamanja. Inu ndi amene mukudziwa chimene amakonda masiku ano, mundiuze.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka aja azipaka kawiri pa tsiku. Moni kwa alamu a Mateyu, kwa azakhali a ku Chisepo, ndi kwa ana onse pakhomopo. Kwa a Festus moni wanga mukapereke musanatsegule kalatayi, chifukwa pambuyo pake mwina sadzaulandira.

Ndine mlongo wanu,
Isake