Fumbi la choko changa lamulowa mayi wa kunyumba m'chifuwa

Aphungu,

Usiku wathawu sindinaone tulo. Ndimamvetsera mayi wa kunyumba akutsokomola, ine mtima uli pawiri: chisoni kwina, kupsa mtima kwina. Mulungu andikhululukire, kupsa mtimako ndiye kunali kochuluka.

Chaka chatha chitseko chachitsulo cha kosungira katundu kumene ndimagwira ntchito chinandiphwanya dzanja lamanja. Zala zinauma ngati nkhuni. Namwino amene ankandiphunzitsa kuzigwiritsanso ntchito anandipatsa kabokosi ka pasitelo, choko chofewa chamitundumitundu chomwe umajambulira kenaka n'kufafaniza ndi chala kuti mitundu ilowane. Ndili pabedi la kuchipatala ndinalonjeza kuti, "Ambuye, mukandibwezera dzanjali, tsiku silidzadutsa ndisanajambule ntchito ya manja anu." Dzanja linachira, ndipo lonjezo ndalisunga.

M'mawa uliwonse ndimakhala pathebulo lodyera n'kujambula zooneka pawindo: phiri, thanki yamadzi ndi mitengo iwiri yopindika. Alamu anga amandiseka kuti, "Alamu, phiri lomweli tsiku ndi tsiku, mukuopa kuti lisamuka?" Sadziwa kuti phirilo silidzuka ndi mtundu umodzi kawiri.

Vuto ndi fumbi. Chokochi chimanyenyeka, ndiye ndikajambula pang'ono ndimauzira papepala kuti ndione bwino. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ndipo mkazi wanga ali ndi mphumu kuyambira ali mwana. Poyamba ankangoseka. Tsiku lina atamina anandionetsa mpango utasanduka wabuluu n'kunena kuti, "Bambo a mwana, mitambo yanu yonse ija ikuthera m'mphuno mwangamu." Pano kuseka kunatha, akumadzuka akubanika.

Lolemba anandiuza kuti chokocho chikafika Lamlungu chili m'nyumba muno, iye atenga mwana n'kukakhala kwa achemwali ake. Ndinamuyankha moipa, sindibisa. Ndinati, "Ndiye ndinamize Mulungu chifukwa cha chifuwa?" Kuyambira pamenepo ndikumajambula mobisa iye akapita kumsika, chitseko ndi windo zili zotseka kuti aneba asamuuze, kenaka ndimasesa msangamsanga. Koma akangolowa amayamba kutsokomola.

Ndinafunsa mkulu wa mpingo, anangoti lonjezo kwa Mulungu silibwezedwa, ndipemphere kwambiri. Ndapemphera, Aphungu, koma chifuwa chikadalipo. Ndatopa n'kuoneka ngati chigawenga m'nyumba mwanga momwe chifukwa cha chinthu chimene ndinachipereka kwa Mulungu. Ndikasiya ndichimwa, ndikapitiriza banja lipasuka. Chonde ndiyankheni Lamlungu lisanafike.

L.K.N.

*

Bambo L.K.N.,

Ndawerenga lonjezo lanu kawiri. Munati mudzajambula tsiku lililonse. Za pathebulo lodyera, kuuzira fumbi ndi kutseka mawindo sindinazionemo. Zimenezo mwawonjezera nokha, ndiye musamusenzetse Mulungu katundu amene sanakutumeni.

Yambani ndi chachikulu. Mphumu si chimfine, imapha. Mawa lomwe perekezani mayiwo kuchipatala, mutenge kabokosi ka chokocho, mukawauze adokotala zonse, ndi zija zotseka mawindo zomwe. Musanatuluke pakhomo apepeseni. Mawu munawayankha aja ndi olemera. Munthu akubanika inu n'kumuyesa wotsutsana ndi Mulungu. Zojambula mobisazo muziululenso nokha. Akuzidziwa kale, chifuwa chinawauza, akungodikira kuti amve kuchokera pakamwa panu.

Tsono chokocho chituluke m'nyumba lero, osati Lamlungu. Inu mumajambula phiri ndi mitengo, nanga mukubisaliranji kuseri kwa galasi? Pezani kathabwa, mupanirepo pepala, mukakhale panja kutali ndi khomo ndi chingwe choyanikira zovala. Thabwalo liziima chilili kuti fumbi lizigwa lokha pansi. Kuuzira kuja musiyiretu, chifukwa nanunso mapapo muli nawo. Fumbi likachuluka, tembenuzani thabwa n'kuligogoda kumbuyo. Mukamaliza sambani m'manja panja pomwepo, ndipo malaya ojambulira akhale akeake, asalowe kuchipinda. Zithunzi zakale muziyale chimodzichimodzi, pepala loyera pakati, n'kuzitsekera m'bokosi. M'nyumbamo kolopani paliponse ndi nsanza yonyowa, mayi ndi mwana ali kwina. Tsache lija mumasesera limangoulutsa fumbi kuti alipume bwino.

Tsiku la mvula, kapena mukachedwa kuntchito, jambulani ndi pensulo, ngakhale kamtengo kamodzi. Tsikulo lawerengedwa. Amene anakubwezerani dzanja sakuyang'ana kuti mwagwira choko kapena pensulo.

Ndikuchenjezeni pomaliza. Mukachita zonsezi mayiwo n'kumati tiyeni ndikayambe ndapuma kwa achemwali, musawaletse ndipo musanyanyale. Aperekezeni, muwanyamulire chikwama. Ndipo adokotala akanena kuti ngakhale kafumbi kotsalira m'zovala kakuwapweteka, chokocho mukachipereke kwa wina, mutsale ndi pensulo mpaka kalekale. Mayiwo ndi ntchito ya manja a Mulungu kuposa phiri limenelo, ndipo mpweya akausowa simungawajambulire wina.

Aphungu