Ndinalephera Kutsutsa Aprofesa za Mafunde a Mpweya

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti chifuwa sichikutha ndi kuzizira kwa kuno kunja.

Mukukumbukira Ababa atandimenya khofi chifukwa chotsutsa aphunzitsi pagulu? Phunziro lija landipweteka kuno.

Ndikufufuza komwe amachokera mafunde a mpweya oyenda kumwamba kwambiri, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Aprofesa amene amandiyang'anira pa yunivesite amati amayambitsidwa ndi kuwala kobiriwira kovina m'mlengalenga kumeneko. Koma zimene ndawerengetsera pa kompyuta zikuonetsa kuti ena amakwera kuchokera pansi, mphepo ikagunda mapiri. Lachiwiri pamsonkhano Aprofesawo anandifunsa, "Iwe ukuona bwanji?" Ndinaweramitsa mutu n'kuti, "Monga mwaneneramo." Anapukusa mutu. "Zaka ziwiri zonsezi ulibe maganizo akoako?" Tsopano akukayika zondisunga chaka chamawa.

Ndinakwera basi kubwerera kuchipinda, ndilibe wondimvera m'Chichewa. Mwina ndalakwitsa masamu, sindikudziwa. Komabe ndalemba zonse zimene ndapeza, ndipo mawa ndikagogoda pa ofesi yawo.

Mundipempherere, koma Amayi musawauze. Mulungu akusungeni nonse.

Ndipinde mapepalawa tsopano. Mayi ena a ku Zomba amene akubwerera kumudzi ndiwo atenge kalatayi; avala kale chijasi, atambasula dzanja.

Ine mng'ono wanu,
Lameki