Katani ya mu Nkhono

Lamulungu, 11 February 2007

Ndafika ku Indianapolis pa basi kudzalandira apongozi anga, amene akufika mawa pa ndege kuchokera kumudzi. A Hamilton a ku Beech Grove andibwereka chigalimoto chawo chokhala ndi bedi, mbaula ndi chimbudzi mkati momwemo. Ndachitcha Nkhono, poti chimayenda ndi nyumba yake, liwironso ndi lomwelo. Nzeruyi ndi ya mkazi wanga Theresa. Akuti m'kagalimoto kanga ine ndi mayi ake tingagundane mawondo, pomwe mu Nkhono muli katani pakati. Mkamwini kutsogolo, apongozi kumbuyo, mwambo osaphwanyika. Iye watsala kunyumba ku South Bend, ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno.

Mantha ndili nawo, ndisaname. Tinakwatirana konkuno popanda chinkhoswe, ndipo chiyambire mayi aja sanandilankhulepo ngakhale pa foni. Dzina langa kwa iwo ndi "mnyamata wakoyo".

Lolemba, 12 February

Afika. Pa eyapoti ndinagwada pa simenti, azungu akundilambalala ndi zikwama zawo. Iwo anayang'ana kumbali. Kaya ndi mwambo kaya ndi mkwiyo, nkhope yake ndi imodzimodzi. Zonse zikudzera kwa T. pa foni: "Uwauze kuti ndayenda bwino." Chonsecho ine ndili pomwepo, ndasenza katundu wawo!

A H. akuti mawa kugwa sinowo woopsa, tidikire. Ndati ayi, tilawirira timuthawe.

Lachiwiri, 13 February

Nkhono sithawa kanthu. Titangodutsa Kokomo dziko lonse linayera, msewu ndi munda osasiyana. Ndakhotera pamalo omwetsera mafuta, tabisala pakati pa mathiraki. Mphepo ikutigwedeza ngati mpunga m'lichero.

Tchaja ndinaiwala kwa a H., foni yathima. Mkhalapakati wathu wapita.

Kumbuyo kuli hita, kukufunda bwino. Kuno ku chiwongolero ndi ku mochale. Injini sindingaisiye ikulira, mafuta angathe. Ndavala masokosi m'manja, zilembozi n'chifukwa chake zapindika.

Madzulo ndinamva mawu kuseri: "Katani iwe, tafunsa ngati anthu adya." Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinati, "Katani, uwauze kuti anthu adya, zikomo kwambiri." Bodza lenileni. Patapita kanthawi kambale ka mtedza wokazinga kanatulukira pansi pa nsalu. Dzanja sindinalione.

Lachitatu, 14 February

Ndinadzuka zala za kumapazi zisakumva kanthu. Ndinatuluka kukafukula sinowo amene anatseka potulukira utsi wa hita, chida changa chivundikiro cha poto, nsapato zanga za kutchalitchi zomwe ndinavalira ulemu. Woyendetsa thiraki wina anandiyang'ana mapazi n'kupukusa mutu.

M'sitolo muli foni ya makobidi. Kunyumba anayankha ndi Belinda, mnzake wa T.: "Achimwene muli kuti? Tamu-admit-itsa kuchipatala m'mawa uno, matenda ayamba. Akungofunsa inu ndi mami." Msewu akuti sutsegulidwa lero.

Ndinabwerera, ndinakhala pampando wanga, ndinauza katani zonse. Kenako ndinalira, ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kulira kwa mamina komwe. Ndamusiya yekha mkazi wanga chifukwa cha liuma, ndipo mayi ake ndawatsekera m'chitini pakati pa dziko la eni.

Ndinangomva mphete za katani kuti tswee.

Ndi aafupi kuposa mmene ndimaganizira. Maso ndi a T. enieni, ofiira ngati anga.

"Vulani nsapatozo."

Ndinayamba zoti pepani mayi, mwambo, chakuti chakuti. Anandidula. "Mwana wanga ali yekha uko. Ndiye wina andiferenso pano chifukwa cha nsalu? Ndikamuuza chiyani?" Anathira madzi ofunda m'beseni, anandiviika mapazi okha ndi manja awo. Kupweteka kwake! Ndinakuwa, iwo n'kuti, "Eya, ndiye kuti akadali amoyo." Tinapempherera T. limodzi. Chinkhoswe sanaiwale ayi, akuti nkhani imeneyo ndikaimva bwino mapazi akachira.

Lachinayi, 15 February

Mtsikana! B. akuti onse awiri ali bwino. Ndinathamanga kuchokera pa foni ndi nsapato zosamanga, ndinagwa kawiri. Mayi analulutira mpaka wa thiraki uja anatsitsa galasi.

Msewu autsegula. Nditaliza injini ndinaona akupinda katani bwinobwino, n'kuiika pa bedi. Anabwera kudzakhala mpando wa pambali panga, chikwama pamiyendo, ndipo ndinawamangira lamba. Tinayenda kamtunda ndithu, magalimoto onse akutipitirira. Kenako anasuzumira pa chiwongolero.

"A Dixon, mwanangu, kodi chigalimoto chanuchi chilibe giya ina?"