Memori 16 Yosowa pa Kompyuta ya Bungwe

Magaleta,
Neno.
17 Febuluwale 2003

Okondedwa achemwali a Modesta,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu. Kuno mvula ikugwa yambiri ndipo chimanga chamasula. Koma ndili ndi nkhani ya achimwene a Lameki, ndipo ndi bwino muimve kwa ine musanaimve kwa ena.

Bungwe lathu la alimi, limene ine ndine mlembi wake, linapatsidwa kompyuta yapamwendo yatsopano ndi anthu ena akufuna kwabwino a ku Blantyre. Komiti inatuma achimwene kukaitenga chifukwa cha kukhulupirika kwawo. Pobwera mvula inawatsekereza ku Lisungwi, katoni inanyowa, iwo n'kutulutsa kompyutayo, kuikulunga m'jekete lawo, n'kugona komweko.

M'mawa mwake tinaiyatsa pamaso pa komiti yonse. Pa katoni panalembedwa kuti memori yake ndi 256. Memori ndi malo amene makinawa amaikapo zimene akugwira panthawiyo, ngati tebulo la telala. Nditayang'ana pa galasi lake ndinaona 240. Khalidwe langa mukulidziwa, nambala yolakwika sindiilekerera ngakhale pa bolodi la mphunzitsi mnzanga. Ndinanena mokweza kuti, "Apa pakusowa 16."

Mayi Jessie, wapampando wathu, aja a golosale pa boma, anatembenukira kwa achimwene.

"A Lameki, katoniyi anatsegula ndani?"

"Ndine, mayi. Inanyowa."

"Inanyowa eti? Thumba la feteleza nalonso limanyowa likagona panjira, m'mawa n'kupezeka laonda."

Anthu anaseka. Simungawadzudzule kwambiri, chaka chatha chomwe tinalandira matumba otapidwa, osokedwanso ndi singano. Kwa iwo chinthu chimene chagona panjira n'kuchepa, ndiye kuti wina watapako, basi. Achimwene anandiyang'ana kuti ndilankhule. Ine ndinangoti, "Sindinganene kanthu ndisanafufuze." Ndinkayesa kuti ndiko kuchita chilungamo.

Ndinafufuzadi. Ndinawerenga kabuku kake konse, ndipo yankho lili pa tsamba 41. Palibe chinabedwa. Makinawa amadzipatulira okha 16 yo kuti azionetsera zithunzi ndi zilembo pa galasi, ndiye potiuza yotsala saiwerengera. Makompyuta onse a mtundu umenewu amatero chichokereni kufakitale. Zinanditengera masiku anayi kuti nditsimikize, ndipo m'masiku anayiwo nkhani inali itafika ku Matope.

Pa msonkhano wotsatira ndinafotokoza zonse. Ndinati zili ngati chimanga chambewu, chilipo ndithu pakhomo koma sitichiwerengera pa chakudya.

"Chambewu timachiona chili lende kudenga, aphunzitsi," anatero Mayi Jessie. "Tionetseni 16 yo."

Ndinawawerengera tsamba lija n'kuwamasulira m'Chichewa.

"Wowerenga ndinu, womasulira ndinu, mbale wa wotapayo ndinunso. Kodi si inu nomwe munati pakusowa? Lero zabwerera?"

Wina anati titsegule makinawo. Ndinakana, chifukwa tikamasula ngakhale sikulu imodzi eni ake sadzatikonzeranso ikawonongeka, ndipo m'katimo akanangoona kachitsulo kobiriwira kosawerengeka ndi maso. Kukana kwangako anakutenga ngati umboni.

Achimwene awachotsa m'komiti. Kumpingo awauza kuti ayambe apuma pa ukulu wa mpingo mpaka nkhaniyi itayera. Ana akawaona amakuwa kuti "A Sikisitini!" Munthu wa zaka 54, amene anasunga makiyi a tchalitchi zaka khumi ndi ziwiri osasowetsa ngakhale kandulo. Kumsika sapitanso. Akazi awo, alamu a Dorica, akuti achimwenewo akangochoka kumunda amadzitsekera m'nyumba.

Lamulungu ndinapita kwawo ndi kabuku kaja. Sanakayang'ane n'komwe. Anati, "Laimoni, ine ndinkadziwa kale kuti sindinabe. Iwe unafunika buku kuti udziwe." Ndinanyamula kabuku kanga n'kubwerera kunyumba.

Pempho langa ndi ili. Kuntchito kwanuko muli ndi munthu wokonza makompyuta. Mupempheni alembe kalata yofotokoza zimenezi, adindepo chidindo, mutumize msanga. Anthu kuno amaopa chidindo kuposa buku. Sindikunamizani kuti zithandiza kwenikweni. Mayi Jessie anena kale kuti achibale athu ali ponseponse, ndipo ngakhale komiti itavomera, dzina limene ana apereka silifufutika ndi kalata. Komabe tumizani, ndilibenso china choyesa.

Kompyutayo ikugwira ntchito bwinobwino. Ndimalemberapo maina a alimi sabata iliyonse, ndipo dzina la achimwene ndinalichotsa pa mndandanda wa komiti ndi chala changa.

Mayi a kunyumba ndi ana akupereka moni. Alamu a Dorica akuti muziwakumbukira m'mapemphero. Moni wa achimwene ndilibe, ndipo sindilemba chinthu chimene sindinapatsidwe. Mukamawalembera, musatumize kudzera mwa ine monga kale, lembani pa dzina la alamu a Dorica.

Ndine mlongo wanu,
Laimoni